Kupempha nzeru kwa Guru: kalakatulidwe ka Lachinayi monga ndinakaphunzirira ku Kumbakonam

Mikanda yanga yowerengera mapemphero ndi ya chikasu chouma, ndipo mpaka lero imandisiyira utoto m'zala kukakhala chinyontho. Anandipatsa ndi agogo ena aamuna a ku Kumbakonam, m'chigawo cha Tamil Nadu kum'mwera kwa India, omwe ndinkachita lendi kachipinda kapamwamba m'nyumba mwawo zaka ziwiri zomwe ndinali pasukulu kumeneko. Anali mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito, wamakani pang'ono, wosakonda kulankhula kawiri chinthu chimodzi.

Teremu yoyamba ndinalakwa mayeso awiri. Ndinabwera kunyumba nkhope ili khuma, ndipo agogowo sanandipepese n'komwe. Anangondifunsa tsiku, ola ndi malo omwe ndinabadwira. Tsiku ndi malo ndinawauza, koma ola amayi anga amangokumbukira kuti tambala woyamba anali atalira. Agogo anapukusa mutu. Mu Jyotisha, womwe ndi mwambo wa Ahindu wopenda nyenyezi, chigawo cha kumwamba chimene chikutuluka kum'mawa pa nthawi yobadwa, chotchedwa lagna, chimasintha pafupifupi maola awiri alionse, ndiye popanda ola lenileni tchati chonse, chomwe ndi mapu a kumwamba pa nthawiyo, chimagwedera. "Tiyambira pa mwezi," anatero, chifukwa mwezi umakhala masiku awiri ndi kachidutswa m'chigawo chimodzi. Kenako anawonjezera kuti: "Koma nyimbo za Guru sizidikira tchati. Aliyense wofuna nzeru angaziyambe."

Ine si Mhindu, ndipo kupenda nyenyezi ndimakutenga monga chikhulupiriro cha eni ake, osati sayansi. Zomwe ndilembe pano ndi kachitidwe kake monga ndinakaonera ndi kukachita m'nyumba imodzi. M'nyumba zina za ku Gujarat kapena ku Bengal mupeza zina zikusiyana.

Sankhani kaye amene mukumuitana

Ahindu amawerenga "ogwira" asanu ndi anayi, Navagraha, zakumwamba zomwe amati zimagwira moyo wa munthu: Surya (dzuwa), Chandra (mwezi), Mangala (Mars), Budha, Guru, Shukra (Venus), Shani (Saturn), ndi awiri opanda thupi, Rahu ndi Ketu. Pa nkhani ya nzeru, awiri ndiwo amatchulidwa. Budha ndi pulaneti ya Mercury, ndipo musamusokoneze ndi Buddha woyambitsa Chibuda uja. Iyeyu ndi wa nzeru zothamanga: kuwerengera, kulankhula, malonda, kugwira msanga zomwe wauzidwa. Tsiku lake ndi Lachitatu, mtundu wake ndi wobiriwira, ndipo chopereka chake ndi mphodza. Guru, amene dzina lake lina ndi Brihaspati, ndi pulaneti ya Jupiter, mphunzitsi wa milungu. Nzeru zake ndi zodekha, zija zodziwa chochita nazo zimene waphunzira. Tsiku lake ndi Lachinayi, mtundu wake ndi wachikasu, chopereka chake ndi tchana.

Awiriwa ali ndi kambiri kawo. Nthano za Ahindu zimati Budha anabadwa kwa Tara, mkazi wa Brihaspati, koma bambo ake enieni anali Chandra. Agogo ankaifotokoza nkhaniyi akumwetulira ngati akunena za anthu a nyumba yoyandikana nayo.

Wopenda nyenyezi akamayang'ana za maphunziro amaona nyumba yachinayi, yachisanu ndi yachisanu n'chinayi mwa nyumba 12 zomwe tchati chimagawidwamo, komanso pamene Guru ndi Budha aima. Guru amati ali ndi mphamvu zonse m'chigawo cha Karka (Cancer), n'kufooka mu Makara (Capricorn). Budha amalimba mu Kanya (Virgo), n'kufooka mu Meena (Pisces). Amaonanso nyengo ya moyo yomwe munthu alimo, pa kawerengedwe ka Vimshottari ka zaka 120, momwe Guru amatenga zaka 16 ndipo Budha 17. Ngati munazolowera zigawo za m'manyuzipepala a Azungu, musadabwe kuuzidwa china: kawerengedwe ka ku India kamatsalira kumbuyo ndi madigiri pafupifupi 24, ndiye anthu ambiri amapezeka abwerera chigawo chimodzi.

Ine agogo anandisankhira Guru. Anati vuto langa silinali kusagwira zinthu, koma kujijirika.

Ndime imodzi yokha

Cholakwa chachikulu cha oyamba kumene ndi dyera. Nyimbo zopempha nzeru zilipo zambiri: Medha Suktam ya m'malemba a Veda, Dakshinamurti Stotram imene amati inalembedwa ndi Adi Shankara, Hayagriva Stotram ya Vedanta Desika, nyimbo za Saraswati, mulungu wamkazi wa maphunziro, ndi Vishnu Sahasranama, maina 1,000 a mulungu Vishnu omwe Bhishma anauza Yudhishthira m'nthano yaikulu ya Mahabharata, amene openda nyenyezi ambiri amapatsa munthu wofooka Budha. Ndinkafuna zonsezi sabata yomweyo. Agogo anandipatsa mizere iwiri basi, yochokera mu Navagraha Stotram:

devaanaam cha rishiinaam cha gurum kaanchana sannibham
buddhibhuutam trilokesham tam namaami brihaspatim

M'Chichewa tingati: mphunzitsi wa milungu ndi wa anzeru akale, wowala ngati golide, amene ali nzeru yeniyeniyo, mbuye wa maiko atatu, Brihaspati ameneyo ndikumugwadira.

Werengani maphatikizo ake ndi zala. Alipo 32, m'magulu anayi a 8, kayendedwe kotchedwa anushtubh. Mukapeza 9 pagulu lina, ndiye kuti mwaonjezera kena kake, ndipo ine ndikudziwa komwe mwaonjezera. Lilime la Mchewa silifuna kuti liwu lithere pa m. Limafuna kutsekera ndi u. Ndinatha milungu iwiri ndikunena "gurumu", "sannibhamu", agogo akugogoda pansi ndi chala nthawi iliyonse. Mankhwala ake ndi kutseka milomo pa m n'kusiya mawu afere m'mphuno. Chachiwiri ndi l ndi r, zomwe kwa ife ndi pachibale koma m'Chisanskrit ndi zilembo ziwiri zosiyana: "trilokesham" ili ndi r poyamba, l pambuyo, ndipo ine ndinkazitembenuza osadziwa. Chachitatu ndi bh ndi dh. Apa tili ndi mwayi, chifukwa kampweya ka mu "phala" ndi "thumba" tikadziwa kale. Ntchito ndi kukasamutsira pa b ndi d. Ndipo pamene ndalemba aa, ii kapena uu, kokani mawu kawiri kutalika kwake. Musathamange.

Chifukwa chimene amalimbikira chotere agogo anandifotokozera ndi nthano ya m'malemba a Veda. Mulungu Tvashta anakwiya ndi Indra, mfumu ya milungu, napereka nsembe yopempha mwana amene adzaphe Indra. Liwu lake linali "indrashatru". Koma anakweza mawu pa phatikizo lolakwika, ndipo tanthauzo linatembenuka kukhala "amene womupha wake ndi Indra". Mwanayo, Vritra, anaphedwadi ndi Indra. Sindinavutike kumva nthanoyi. Ndinawauza agogo kuti kwathu "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi koma khutu limawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu. Tsiku limenelo ndi lokhalo lomwe anandiyamikira.

Ichi n'chifukwa chake ndimati musaphunzire ndi maso okha. Pezani munthu wodziwa kuti azikumvetserani, kapena mvetserani mobwereza wolakatula wophunzitsidwa bwino, inu n'kumadzijambula pafoni kuti mufanizire. Nyimbo zotamanda, za stotram, ngati iyi zimakhululuka. Za Veda ngati Medha Suktam zili ndi makwezedwe atatu a mawu oikidwa pa phatikizo lililonse, ndipo zimenezo musaziyambe popanda mphunzitsi.

Za Gayatri ndinene pang'ono, chifukwa aliyense amafunsa. Ndi ndime ya mu Rigveda 3.62.10, ya mlauli Vishvamitra, yopempha Savitr, kuwala kwa dzuwa, kuti atsitsimutse maganizo athu. Pa mwambo wakale mnyamata amaipatsidwa m'khutu pa mwambo wa upanayana, pomwe amavekedwa chingwe chopatulika. Magulu ena monga Arya Samaj, lomwe Dayananda Saraswati anayambitsa mu 1875, ndi Gayatri Pariwar la ku Haridwar amaiphunzitsa kwa aliyense, mkazi kapena mwamuna. Agogo anali a mbali yakale ija, ndipo m'nyumba mwawo sindinailakatule. Mlendo sathyola mphasa ya mwini nyumba.

Tsiku ndi ola loyambira

Pakhoma la khitchini panali kalendala yotchedwa panchangam, yosonyeza zinthu zisanu za tsiku lililonse, kuphatikizapo tsiku la mwezi ndi gulu la nyenyezi lomwe mwezi wayandikira. Yambani Lachinayi, m'masabata awiri omwe mwezi ukukula, shukla paksha. Likapezeka Lachinayi lomwe mwezi uli m'gulu la Pushya, ndiye tsiku labwino koposa, koma limabwera mwa apo ndi apo, ndipo ine sindikulangizani kudikira miyezi chifukwa cha ilo.

Ola lokondedwa ndi brahma muhurta, lomwe limayamba mphindi 96 dzuwa lisanatuluke n'kutha patatsala mphindi 48. Ku Kumbakonam dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko, ndiye agogo ankakhala atakhala kale pamphasa cha m'ma 4:30. Ine ndinayesa masiku atatu, lachinayi lake ndinagona mikanda ili m'manja. Anandisamutsira ku ola loyamba dzuwa litatuluka, lomwe pa kawerengedwe ka hora limakhala la mwini tsikulo: Lachinayi ndi la Guru, Lachitatu ndi la Budha. Chomwe amapewa ndi kuyamba chinthu chatsopano mu rahu kalam, nthawi ya Rahu imene amati ndi ya tsoka, yomwe Lachinayi imagwa kuyambira cha m'ma 1:30 mpaka 3 koloko masana, ndipo Lachitatu kuyambira 12 koloko mpaka 1:30.

Ola lomwe mwasankha likhale lomwelo tsiku lililonse. Pa zonse zimene ndalemba pano, ichi ndiye chovuta.

Kukhala pansi

Sambani, valani zoyera bwino, ndipo Lachinayi pakhale kachikasu penapake, ngakhale kansalu ka paphewa. Musadye kaye. Yalani kamphasa kapena kansalu kochindikala kamene sikagwira ntchito ina. Sakhala padothi kapena pasimenti poti mbee. Yang'anani kum'mawa kapena kumpoto. Yatsani nyale ya ghee, mafuta osungunula a mkaka wa ng'ombe, kapena ya mafuta a chitowe, ndipo ikani patsogolo duwa lachikasu, nthochi kapena tchana chodzaza dzanja chomwe mwanyika usiku.

Kenako achamana: thirani timadzi m'chikhato cha dzanja lamanja, n'kumwa katatu, mukutchula maina a Vishnu. Agogo ankati Achyuta, Ananta, Govinda. Pumani mozama katatu.

Chotsatira ndi sankalpa, kunena cholinga. Ansembe amachinena m'Chisanskrit, kutchula chaka, mwezi, tsiku, malo, dzina ndi gotra, womwe ndi mzere wa makolo wochokera kwa mlauli wina wakale, chinthu chofanana ndi mfunda. Wosadziwa gotra wake kawirikawiri amamutchulira wa Kashyapa. Ine agogo anandiuza kuti ndinene m'chinenero changa, ndiye ndinkanena m'Chichewa: dzina langa, komwe ndili, kuti ndibwereza kangati, kwa masiku angati, ndi chomwe ndikupempha. Apa samalani. Musalonjeze chiwerengero cha pakamwa chomwe thupi silingakwanitse, chifukwa kwa eni mwambowu sankalpa ndi ngongole.

Musanafike kwa Guru, yambani ndi Ganesha, wochotsa zopinga: "om gam ganapataye namah", katatu. Palibe mwambo wa Chihindu umene ndinauona ukudumpha pamenepa. Ndiye lakatulani ndime ya Brihaspati ija katatu, pang'onopang'ono, mukuganizira tanthauzo lake. Mukatero mwakonzeka kutenga mikanda.

Mikanda

Amene anagwirapo kolona sadzavutika, koma pali kusiyana. Japa mala ili ndi mikanda 108, kuphatikiza umodzi waukulu wotchedwa meru umene suwerengedwa. Agogo, pokhala munthu wa masamu, ankakonda kufotokoza 108: magulu 27 a nyenyezi, lililonse logawidwa panayi, kapenanso zigawo 12 kuchulukitsa ndi ogwira 9. Mtundu wa mikanda umatsata amene mukumupembedza: tulsi kwa Vishnu, rudraksha kwa Shiva, mwala woonekera ngati galasi kwa Saraswati, chikasu kwa Guru.

Gwirani ndi dzanja lamanja, mikanda itakoloweka pa chala chapakati, chala chachikulu chikukokera mkanda umodziumodzi kwa inu. Chala cha mkombaphala chisakhudze. Chimaimira kudzikuza, ndi choloza anthu. Ambiri amalowetsa dzanja m'kathumba kotchedwa gomukhi kamene kali ndi kabowo kotulutsira chala chimenechi. Mikanda isagunde pansi. Mukazungulira n'kufika pa meru, musaudumphe: tembenuzani mikandayo m'dzanja n'kubwerera komwe mwachokera. Tsiku loyamba ndinangoudutsa ngati palibe kanthu, ndipo agogo anandigwira pamkono, nati, "Mwana wanga, sulumpha mutu wa mphunzitsi."

Mawu obwereza pamkanda uliwonse alipo a mitundu iwiri. Osavuta ndi "om gurave namah". Amene openda nyenyezi amalemba kawirikawiri ndi a mbewu, bija mantra: "om graam griim graum sah gurave namah". A Budha ndi "om braam briim braum sah budhaaya namah". Yambani ndi osavutawo kwa mwezi wathunthu.

Kabwerezedwe kalipo katatu: mokweza, vachika, monong'ona milomo yokha ikugwedera, upamshu, ndi mumtima, manasika. Malemba amati kamumtima ndiko kapamwamba, ndipo oyamba kumene amathamangira komweko. Musatero. Mumtima mwa munthu wosazolowera muli msika. Mudzapezeka zala zafika pa mkanda wa 60 maganizo ali ku ngongole ya lendi. Yambani mokweza kuti khutu lizilondera lilime, pakapita masabata angapo tsikirani ku konong'ona. Maganizo akathawa, musayambirenso kuwerenga. Ingobwererani pamkanda womwe muli.

Chiwerengero chathunthu cha Guru chimene mabuku a openda nyenyezi amapereka ndi 19,000. Ndinachita mantha nditamva, koma agogo anatenga choko. Kugawa 19,000 ndi 108 kumapereka maulendo 176 a mikanda. Maulendo anayi patsiku, mumatsiriza tsiku la 44, mkati mwa mandalam ya masiku 48 yomwe Atamil amawerengera malonjezo otere. Ulendo umodzi unkanditengera mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndiye ntchito yonse ya m'mawa inali yosapitirira theka la ola. Powerenga maulendo musadalire mutu; ikani njere zinayi za tchana kumanzere n'kumasamutsa imodzi ulendo ukatha. Ngati zimenezi zachuluka, ulendo umodzi patsiku, kapena Lachinayi lokha, ndi chiyambi chovomerezeka.

Pomaliza amapepesa. Pali mawu opempha chikhululukiro pa chilembo chilichonse chomwe chadumphidwa kapena kutchulidwa molakwika, ndipo ine ndinkawanena m'Chichewa, chifukwa zolakwa zanga zinali zambiri. Gwadani, khalani chete mphindi ziwiri, kenako dzukani. Tchana ndi nthochi zija zasanduka prasadam, chakudya chodalitsidwa: idyani, gawirani ena, musataye.

Mukadumpha tsiku chifukwa cha matenda kapena ulendo, mabanja ena amati yambiraninso, ena amati bwezani mawa lake. Agogo anali a maganizo achiwiriwa, ndipo ine ndikugwirizana nawo, chifukwa ndinaona anzanga akusiyiratu atauzidwa kuti masiku 30 apita m'madzi.

Mukatsiriza, ndi za miyala yodula

Mwambo wathunthu umati gawo limodzi mwa magawo khumi a chiwerengerocho liperekedwe pamoto, homa, kutanthauza nsembe 1,900, ndipo nkhuni za Guru ndi za mtengo wa peepal, wa mtundu wa mkuyu. Zimenezi zimafuna wansembe. Ambiri m'malo mwake amangoonjezera kubwereza, kenako n'kupereka mphatso: tchana, nsalu yachikasu, chakudya kwa aphunzitsi kapena mabuku kwa mwana wasukulu wosauka. Ine ndinagula makope ndi zolembera n'kupatsa ana a mayi amene ankasesa mumsewu wathu.

Lachinayi lotsatira agogo ananditenga pa basi kupita ku Alangudi, mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera ku Kumbakonam. Kachisi wa Apatsahayesvarar kumeneko ndi mmodzi wa akachisi asanu ndi anayi a Navagraha a m'dera la mtsinje wa Kaveri, ndipo ndiye wa Guru; wa Budha ali ku Thiruvenkadu. Ku Alangudi amene anthu amamupembedza monga Guru ndi Dakshinamurti, Shiva atakhala pansi pa mtengo kuyang'ana kum'mwera, mphunzitsi wachinyamata wophunzitsa okalamba mwa kungokhala chete. Amamuveka nsalu yachikasu ndi nkhata za tchana chotungidwa pa ulusi. Jupiter amatenga zaka pafupifupi 12 kuzungulira zigawo zonse, chaka chimodzi m'chigawo chilichonse, ndipo tsiku lomwe akusamuka, Guru Peyarchi, kachisiyu amadzaza moti agogo anati tisayerekeze n'komwe kupita nthawi imeneyo.

Tikutuluka, bambo wina wa kasitolo anayang'ana m'chikhato changa osapemphedwa, nandiuza kuti Guru wanga ndi wofooka kwambiri ndipo ndikufunika mphete ya pushparagam, mwala wodula wachikasu, wa ma rupee ochuluka kuposa lendi yanga ya miyezi ingapo. Mwalawu ulidi m'mabuku a Jyotisha monga wa Guru, monganso emarodi ali wa Budha. Koma agogo anandikoka malaya. Langizo langa ndi lomwelo: aliyense amene wayamba ndi kukuopsezani n'kumalizira pa mtengo wa katundu wake, musiyeni. Mikanda, nyale ndi tchana sizingakusaukitseni.

Panali lamulo lina limene silili m'buku lililonse, la agogo okha. Nyale isanazime, buku la sukulu likhale litatsegulidwa, ndipo ola lotsatira likhale la phunziro lomwe ndikuliopa kwambiri. Mayeso obwereza ndinakhoza. Agogo anati ndi Guru. Ine ndimati munthu amene wakhala theka la ola akubweza maganizo ake pamkanda umodzi amafika pa masamu mutu utakhazikika. Tinatsutsana nkhani imeneyi mpaka tsiku lomwe anandiperekeza kokwerera sitima, ndipo palibe anagonja.

Mikanda ya chikasu imafuna chisamaliro chake. Musainyowetse, chifukwa imafewa n'kusweka, ndipo tizilombo timaiboola monga tichitira ndi mbewu zouma. Isungeni m'kathumba kake pamalo ouma, muikemo masamba awiri kapena atatu a nimu, n'kumawasintha akafumbutuka. Ulusi ukaduka, tolani yonse, muiwerenge ikwane 108, ndipo potunganso mangani mfundo pakati pa mkanda uliwonse.